Anti a Mabuku

Ntchito ya mabuku sindinaifune. Ndinkafuna uphunzitsi, koma dzina langa silinatuluke kawiri konse pa mndandanda wa opita kukoleji. Bambo anga anali kalaliki wa kusikelo pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo ndi iwo amene anamva kuti mkazi wa manijala akufuna mtsikana wodziwa Chizungu pang'ono woti aziyang'anira mabuku a ana. Anandiperekeza okha, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Mayiyo anandifunsa mafunso awiri basi: ngati ndimakonda ana, ndi ngati ndimatha kusesa. Onse awiri ndinavomera, ngakhale loyambalo ndinali ndisanaliganizirepo.

Laibulale yake inali kachipinda ka kumapeto kwa holo, moyang'anana ndi kiliniki. Munali mashelefu anayi, tebulo, mpando wanga ndi mphasa ziwiri. Mkazi wa manijala uja anachoka patatha zaka ziwiri mwamuna wake atasamutsidwa, ndipo amene anabwera pambuyo pake sankadziwa n'komwe kuti kumapeto kwa holo kumakhala munthu. Ine ndinakhala mmenemo zaka zoposa makumi awiri.

Anthu akamva za laibulale amaganiza za munthu wokhala phee akuwerenga. Ine masiku anga ankathera polimbana ndi chinyontho. Chiperoni chikagwa sabata yathunthu mabuku ankatupa, masamba n'kumatirirana, zikuto n'kuchita chuku. Dzuwa likangotuluka ndinkawatutira panja n'kuwayanika pa kapinga ngati makaka. Chiswe chinkadzera pakona ya kumadzulo chaka ndi chaka. Mphemvu zinkadya guluu wa kumsana kwa buku, ndipo guluu wogula atasiya kubwera ndinkaphika phala la ufa wa chinangwa n'kumamatira, lomwe linkangoitana mphemvu zina.

Ana ankabwera akaweruka kusukulu. Ankanditchula kuti Anti a mabuku. Ambiri sankabwerera kuwerenga ayi. Pansi panali simenti, denga silinkadontha kwambiri, ndipo makolo awo ankakhala ali m'minda ya tiyi mpaka dzuwa kupendeka. Ankanunkha utsi ndi zovala zosauma bwino. Ena ankangofikira kugona pamphasa, ndipo sindinkawadzutsa.

Mabuku onse anachokera kunja, m'makatoni. Munali ana ovala zipewa zaubweya akusewera pa chipale choyera chija chimagwa kwawoko, munali zimbalangondo zovala malaya ndi masitima oyenda pansi pa nthaka. Poyamba ndinkawerenga chiganizo m'Chizungu kenako n'kuchimasulira, ana akuyasamula. Nditatopa nazo ndinayamba kudula njira. Ndinkatsegula buku, kuloza chithunzi, n'kumanena zanga. Chipale chinkasanduka chiperoni, apozi n'kukhala peyala, sitima n'kukhala thirakitala yonyamula masamba kupita kufakitale. Ogona aja anayamba kudzuka okha. Sindinkaona ngati ndikupeka nkhani. Ndinkangofuna kuti ola lithe popanda wolira kapena womenyana.

Amene anandigwira anali kamtsikana ka Sitandade 5, ka ku layini yakumunsi, komwe kunali nyumba za othyola tiyi pafupi ndi dambo. Kanali koonda, kosalankhulalankhula, yunifolomu yake itakafupikira. Kankakhala pafupi ndi bondo langa, maso ali pa tsamba osati pa nkhope yanga ngati anzake.

Tsiku lina ndili mkati mwa nkhani anakweza chala.

"Anti, apa sanalembe kuti thirakitala."

Anzake onse anatembenuka.

"Ndikumasulira, mwanawe. Khala chete."

"Koma sabata yatha munati mwanayo anasochera popita kuchigayo. Lero mwati amakasiya chakudya kwa mayi ake. Buku ndi lomweli."

Ndinamuuza kuti atsale anzake akamapita. Ndinkafuna kumukalipira, koma ataima patsogolo pa tebulo, manja kumbuyo, mkwiyo unandithera.

"Ndiye ukufuna ndizitani? Ndiziwerenga Chizungu chokhachokha anzako azigona?"

"Ayi. Zanuzo n'zabwino. Koma muzilembe kuti zisamasinthesinthe. Ndikafuna kuwauza amayi kunyumba ndimasokonezeka."

Umo ndi mmene ndinayambira kulemba. M'mawa ana ali kusukulu m'chipindamo munkakhala ine ndekha, ndiye ndinagula kope n'kumalemba ndikamaliza kusesa. Nkhani yoyamba inali yomweyo ya mtsikana wonyamula mbatata ndi nandolo m'kambale kukapatsa mayi ake kumunda wa tiyi. Nkhungu inatsika, mizere yonse n'kufanana, mwanayo n'kusochera mpaka anamva mawu a mayi ake. Chikuto ndinadula katoni ya kufakitale n'kusoka ndi ulusi. Woyamba kubwereka anali mtsikana yemweyo.

Patatha masiku atatu kunabwera mayi ake. Linali Loweruka masana, atangoweruka, pulasitiki yomanga m'chiuno potchinga mame akadali nayo. Anaima pakhomo n'kukana kulowa chifukwa cha matope kumapazi. Chichewa chawo chinali cholemera ndi Chilomwe, ndipo sankayang'ana pansi polankhula.

"Ndinu mwalemba za ife?"

"Si za inu, amayi. Ndi nkhani yongopeka."

"Mwana wandiwerengera. Mwati mayiyo ataona mwana wake anataya dengu n'kuthamanga kukamukumbatira." Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Dengu la masamba a tsiku lonse? Kapitawo ali pomwepo? Achemwali, inu munathyolapo tiyi?"

Ndinabadwira pa esiteti imeneyo. M'mawa uliwonse ndinkaona anthu akulowa m'minda, madengu kumsana. Koma ndinali mwana wa kalaliki, ndipo ndinali ndisanathyolepo ngakhale tsamba limodzi.

"Nanga inuyo mukanatani?" ndinafunsa.

"Ndikanamuitana adzaime pambali panga, manja anga akugwirabe ntchito. Ndikanamukalipira. Kulira ndikanakalirira kunyumba."

Kenako anatambasula manja. Zala zinali zakuda, zong'ambika m'nsonga, zikhadabo zothaitha.

"Mwalembanso kuti manja ake ankanunkhira bwino," anatero, n'kundipatsira kope lija n'kumapita.

Ndinakwiya masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinang'amba masamba anayi omalizira n'kulembanso.

Kuyambira pamenepo nkhani iliyonse inkadzera ku layini yakumunsi isanafike pa shelefu. Mayiwo sankatha kulemba dzina lawo, kusikelo ankadinda chala, koma bodza m'nkhani ankalimva msanga kuposa mphunzitsi aliyense amene ndinamudziwapo. Mwana wawo ankabwera ndi uthenga. "Amayi akuti mbuzi sichita choncho ikaona mvula." Tsiku lina, "Amayi akuti mwana wanjala salankhula mawu ambiri chonchi." Makope anafika asanu ndi awiri. Ana ankawalimbirana mpaka kung'ambika, ine n'kumakoperanso ndi dzanja. Mkono wanga wamanja unayamba kupweteka nthawi imeneyo, ndipo sunasiye mpaka lero.

Mphunzitsi wina wopuma pantchito ananditayipira nkhani zitatu pa makina ake akale, ndipo ndinazitumiza kwa osindikiza mabuku ku Blantyre. Ambiri sanayankhe. Mmodzi analemba mizere iwiri, kuti mabuku a ana a Chichewa sagulidwa pokhapokha akhale a kusukulu. Ndinapinda kalatayo n'kuiika pansi pa mwendo wa tebulo womwe unkagwedera.

Mtsikana uja ali Sitandade 8, msana wa mayi ake unayamba kuvuta. Dengu silinkadzazanso ngati kale. Iwo anali olembedwa ntchito ya nyengo, ndipo nyengo yotsatira sanalembedwenso. Wosiya ntchito ankayenera kutuluka m'nyumba ya pa layini. Bambo a mwanayo anapita ku Joni kalekale osamvekanso, ndiye panalibe kwina kolowera koma kwawo kwa mayiwo, ku Goliati.

Mtsikanayo anabwera m'mawa, osavala yunifolomu, kope langa lili m'manja.

"Ndabweza, Anti. Tikusamuka mawa."

"Nanga mayeso?"

Anangogwedeza mapewa. Mayeso anali atatsala miyezi inayi, ndipo aphunzitsi ake onse ankanena kuti mwanayu asankhidwa.

Nthawi imeneyo mayi anga anali atamwalira, bambo atafa ziwalo mbali imodzi. Ndinkawasamalira ndekha. M'nyumba mwathu munali kachipinda kena mongosungira makatoni ndi njinga yakufa. Ndinaganiza kuti mwanayu akhoza kukhala kwa ine mpaka alembe mayeso. Mawuwo anafika pakamwa penipeni. Kenako ndinakumbukira zofunda za bambo zochapa m'mawa uliwonse, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni, ndipo ndinatopa ndisanayambe n'komwe.

"Ukapitirize sukulu kumeneko, wamva?"

"Ndamva, Anti."

"Kopelo tenga, likhale lako."

"Ayi, anzanga sanamalize kuwerenga."

Analiika patebulo koma sanachoke. Anaima pakhomo. Ine ndinatembenukira ku shelefu n'kuyamba kulongosola mabuku omwe anali olongosoka kale. Sindikudziwa kuti ndinatenga nthawi yaitali bwanji. Nditacheuka anali atapita.

Bambo anamwalira chaka chotsatira. Ndinapitiriza kutsegula chipinda chija, kuyanika mabuku, kumata, kuwerengera ana ena, koma sindinalembenso nkhani yatsopano. Panalibe woti aimve n'kundiuza kuti apa mwanama. Patapita zaka zingapo anandiitana kuofesi n'kundiuza mwaulemu kuti holo yonse ikufunika posungira matumba a makademiya. Mabuku anawapereka kusukulu ya pulayimale, ine anandithokoza n'kundipatsa tiyi wa m'mapaketi. Ndinasamukira pa kamalo kanga ku Nchilamwela n'kuyamba kulima nandolo ndi chinangwa ngati wina aliyense.

Foni inandipeza ndikupalira. Anali mtsikana wa m'tauni, mkonzi wa mabuku a ana pa kampani ina, waulemu kwambiri. Anati posamutsa ofesi anapeza mapepala anga otayipa aja m'kabati, ndipo tsopano kwabwera anthu ofuna mabuku a ana a m'zinenero zathu. Nambala yanga anaipeza kudzera kwa abusa. Ndinakhala pansi pamzere, khasu lili pamiyendo, ndipo chomwe ndinamufunsa chinali choti, "Mapepalawo chiswe sichinadye?"

Kukonza bukulo kunatenga chaka. Mkonziyo ankafuna kuti mayi wa m'nkhani yanga yoyamba ija akumbatire mwana wake.

"Mami, ana amafuna chikondi chioneke," ankatero.

"Chikuoneka. Wamuitana adzaime pambali pake."

"Koma akumukalipira."

"Eya. Ndi mmene zimakhalira."

Tinkakangana mpaka foni kuzima. Pomaliza dengu silinatayidwe, koma zina ndinagonja. Mawu ochepa a Chilomwe amene mayiyo ankalankhula anachotsedwa, kapitawo anasanduka munthu wachifundo wothandiza kusaka mwana. Wojambula zithunzi anali asanapondeko ku Thyolo. Tiyi wake ankaoneka ngati kabichi, ndipo mayi wothyolayo anamuveka diresi loyera ndi zala zosalala.

Buku litafika ndinkayembekeza kuti ndivina. Ndinangokhala nalo pakhonde, kulitsegula, kulinunkhiza, kuona dzina langa pachikuto. Kenako ndinakumbukira kuti nkhuku zalowa m'dimba, ndipo ndinaliika pampando n'kupita kukazipirikitsa.

Anatsatira ena anayi, onse ochokera m'makope akale aja. Masukulu anayamba kundiitana. Ahedi amandionetsa kwa ana kuti awa ndi alembi, ana n'kuimba nyimbo yolandira alendo atakhala padzuwa, ndipo ndikamaliza kuwerenga amaomba m'manja aphunzitsi akawakodola. Pa sukulu imene inalandira mabuku a m'holo muja ndinapempha kuti ndiwaone. Anali m'kabati ya muofesi, yokhoma, ndipo kiyi anali ndi mphunzitsi amene anapita kumaliro. Ndinasuzumira pagalasi n'kuona misana yomwe ndinamata ndi phala la chinangwa, itandandalikidwa bwinobwino, yopanda chala cha mwana ngakhale chimodzi.

Ku Goliati si kutali. Munthu ukhoza kupita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Koma zaka zonsezo sindinapiteko, ndipo ngakhale buku loyamba litatuluka ndinazengereza miyezi yambiri. Ndinkadziuza kuti bondo likundipweteka, kuti msewu waterera. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kukamuona mtsikana uja.

Ndinapita tsiku la msika, buku lili m'chikwama. Ndinkafunsa za mayi wochokera ku esiteti wodwala msana ndi mwana wawo wamkazi, anthu n'kumandilozera uku ndi uku. Amene anayamba kundizindikira ndi mtsikana uja.

"Anti a mabuku!"

Anali kuseri kwa benchi ya tomato, mwana kumsana, wina wamkulupo akusewera ndi zitsekerero za mabotolo pansi pa benchiyo. Anali atanenepa pang'ono, koma maso anali omwe aja. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kusiyira mnzake benchi kuti andiperekeze kunyumba. M'njira anandiuza mwachidule. Atafika kuno mayi ake anagona miyezi yambiri osadzuka, ndipo panalibe wina wotunga madzi ndi kuphika. Nthawi ya mayeso inadutsa iye osalemba. Chaka chotsatira anachita manyazi kukakhala m'kalasi ndi ana aang'ono. Kenako anakwatiwa ndi mnyamata woweta ng'ombe za mkaka, munthu wabwino ndithu, wosamwa.

Mayi ake tinawapeza pamphasa atatsamira khoma, tsitsi lonse litayera. Atandilonjera ndinatulutsa buku. Analitembenuza uku ndi uku n'kuloza chithunzi.

"Uyu ndi ndani?"

"Ndi mayi wothyola tiyi uja."

"Ndi diresi limeneli? Ameneyu akupita ku ukwati."

Anaseka mpaka kutsokomola, ife n'kusekanso. Kenako mwana wawo anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga mokweza. Poyamba ankakakamira, koma atatha tsamba limodzi lilime linamasuka. Atafika pamene mayi uja akuitana mwana kuti adzaime pambali pake, manja akuthyolabe, mayiwo anagwedeza mutu.

"Apo pokha mwalemba bwino," anatero.

Pobwerera kusiteji tinali awiri. Ndinayenda kamtunda ndithu ndisanapeze poyambira.

"Tsiku lija unadzabweza kope, ine ndinali ndi chipinda kunyumba."

"Ndinkadziwa, Anti. Ndinkachiona pawindo ndikamadutsa."

Iye anakonza nsalu ya mwana kumsana n'kupitiriza.

"Amayi ndi amene anandituma m'mawa, anzanga kulibe. Anati usakapemphe, ukangoima. Akafuna akanena okha."

Ndinaima panjira.

"Undikhululukire, mwana wanga."

Anayang'ana kumbali, kumunda wa kabichi wa munthu wina.

"Zinapita zimenezo. Mwina ndikanakhoza, mwina ayi." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mabuku ena muli nawo? Wamkuluyu ali Sitandade 2, koma buku la zithunzi waligwira lero."

Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindinamufunsenso.

Kuyambira mwezi wotsatira ndinayamba kupita ku Goliati kamodzi pamwezi ndi chikwama cha mabuku. Ena ndi anga amene osindikiza amandipatsa, ena ndimapempha kwa anzanga akutchalitchi amene ana awo anakula. Amakhala m'katoni yokutidwa ndi pulasitiki pansi pa benchi ya tomato. Ana a pamsika amabwera akaweruka, amakhala pa matumba, iye n'kumawawerengera pakati pa kugulitsa. Ndi wolimba mtima kuposa mmene ndinalili ine. Wa m'manja mwakuda amamubweza kuti akasambe kaye kumjigo, ndipo wopinda tsamba amakhala sabata osagwira buku. Ine ndikapita ndimangokhala pa ndowa yovundikira n'kumamvetsera, nthawi zina n'kuwodzera.

Maso anga achita ng'ala. Kuchipatala ku Makwasa anati ayamba ndi lakumanzere, linalo pambuyo. Buku lachisanu ndi chimodzi ndinaliyamba chaka chatha, nkhani yatsopano yoyamba patatha zaka zambiri, koma laima pa tsamba lachinayi. Ndikalemba mizere itatu zilembo zimayamba kusambira, mkono n'kuyamba kukoka, ndipo ndimatseka kope n'kukagona pamphasa masana ngati mwana. Mkonzi uja amaimba kufunsa, ine n'kumuuza kuti likubwera.

Mwezi watha sindinathe kupita, bondo linatupa. Ndinapatsira chikwama bambo wina wa njinga yamoto amene amanyamula mkaka njira imeneyo. Madzulo ake mayi wa tomato uja anandiimbira kuti mabuku afika, kupatula limodzi lomwe bamboyo anapempha kuti akawerengere ana ake, ati abweza Lachisanu. Ndinamuuza kuti asawavutitse, buku limodzi si kanthu. Iye anati ayi, Lachisanu akawadikira pa siteji.